Zimene Tinaona pa Nsanja ya Nyali ya ku Beira

Chaka ndi chaka ife aphunzitsi timauza ana kuti dziko lathu la Malaŵi lilibe gombe la nyanja yamchere. Timajambula mapu pa bolodi, ndipo ana amaloŵeza pamtima kuti tinazingidwa ndi Mozambique, Zambia ndi Tanzania. Phunziroli ndi loona, koma limasiya m'mitima ya ana maganizo akuti nkhani za nyanja yamchere ndi za eni ake a kutali. Komatu malaya a kaunjika amene mwana wavala, feteleza amene amake anathira m'kamunda ka m'mbali mwa phiri, ndiponso mafuta a minibasi imene imanyamula atate ake kuchokera ku Ndirande kupita ku Limbe, zonsezi zinayamba zayenda masabata ambiri pamadzi zisanafike kuno. Zinatsitsidwa pa doko la Beira, la Nacala, la Dar es Salaam kapena la Durban, ndipo zombo zimene zinazinyamula zinaloŵa pa madokowo motsogozedwa ndi nyali zimene anthu ena amasamala, anthu amene sitiwadziŵa ndipo iwonso satidziŵa.

Ngakhale Uthenga Wabwino unadzera njira ya pamadzi yomweyo. Amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1875 analoŵera pa mathiriro a Zambezi, nakwera mtsinje wa Shire ndi kasitima kawo ka Ilala, ndipo chaka chotsatira, mu 1876, Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa pamalo amene timawaona bwino tikaima m'phiri la Ndirande. Kuyambira mu 1891 khomo la dziko lino linali Chinde, pa mathiriro ena a Zambezi, koma nyanja inkadya gombe la mudziwo chaka ndi chaka, ndipo namondwe wa mu 1922 anauwononga kwambiri. M'chaka chomwecho njanji yochokera ku Beira inafika pa gombe la Zambezi. Mu 1935 anatsiriza mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3 ndi theka, kotero kuti katundu wa ku Limbe anayamba kufika ku nyanja osatsitsidwa pa mtsinje. Kwa zaka pafupifupi 50 fodya, tiyi ndi mtedza wa makolo athu zinkatulukira ku Beira pa njanji imeneyo, kufikira pamene nkhondo ya ku Mozambique inaitseka m'zaka za m'ma 1980.

Zonsezi tinaziphunzitsa kwa zaka zambiri tisanazione ndi maso. Mwayi unapezeka pa tchuthi cha Ogasiti mu 2018. Mwana wa mlongo wathu, amene amayendetsa galimoto yonyamula mafuta pakati pa Beira ndi Blantyre ndipo anakwatira komweko, anatiitana ife ndi amayi a kunyumba kuti tikaone mwana wake woyamba. Tinadzera ku Mwanza ndi ku Zobue, tinaoloka Zambezi pa Tete, ndipo tinapitirira ku Changara, Chimoio, Inchope ndi Dondo. Unali ulendo wa masiku aŵiri. Chilankhulo sichinativute kwambiri, pakuti ku Zobue anthu amalankhula monga ife, ndipo Chisena cha ku Beira tinkachimva pang'onopang'ono chifukwa cha anansi athu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amene timakhala nawo ku Ndirande.

Chinthu choyamba chimene chimadabwitsa munthu wa ku Blantyre akafika ku Beira ndi kusoŵa kwa mapiri. Ife kuno sitisokera, chifukwa kulikonse kumene tingaime timakweza maso ndi kuona Ndirande, Soche, Michiru kapena Mpingwe, ndipo pomwepo timadziŵa kumene kuli kwathu. Mwana wamng'ono amene wasiyana ndi amake mu mzinda angathe kubwerera yekha poyang'ana phiri. Ku Beira dziko ndi lathyathyathya, lotsika pafupifupi kulingana ndi madzi. Munthu amene ali m'chombo kutali amangoona mzere wochepa wa mchenga ndi mitengo, wofanana kumanja ndi kumanzere, wopanda chizindikiro chilichonse. Kuwonjezera apo, mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira matope ndi mchenga pamalo omwewo, ndipo milu ya mchengayo imabisala pansi pa madzi. Madzi a nyanjayo amadzaza ndi kuphwa kaŵiri pa tsiku, ndipo masiku ena kusiyana kwake kumafika mamita 6. Pamene chombo chinadutsa bwino m'maŵa chingathe kutitimira madzulo. Nchifukwa chake ngalande yoloŵera pa doko amaikumba kaŵirikaŵiri, ndipo zombo zazikulu zimadikira kunja kufikira madzi atadzaza.

Tsono popeza Mulungu sanaike phiri pa gombe limenelo, anthu anamanga lawo. Ku malekezero a mzinda, ku dera lotchedwa Macuti, kuli nsanja ya nyali imene inamangidwa mu 1904, m'masiku amene Beira ankalamulidwa ndi kampani yotchedwa Companhia de Moçambique. Inamangidwa patapita zaka 13 zokha chitsirizire tchalitchi chathu cha St Michael and All Angels, ndipo inali itaima kale pamene sitima yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908. Ndi yozungulira monga nkhokwe, yochepa kumwamba, yotalika mamita 28, ndipo inapakidwa utoto wa mizere yofiira ndi yoyera. Pamwamba pake pali kachipinda ka nyali. Patsinde pake, mumchenga, pagona mafupa a chombo chakale, chitsulo chokhachokha chodyedwa ndi dzimbiri. Anthu a kumeneko amanena kuti anachiika pamenepo dala kuti chiziphwanya mafunde asanakokolole nthaka ya nsanjayo. Ana amaseŵera m'nthiti zake madzi akaphwa.

Tinafika pamalopo dzuŵa litapendeka, ndipo tinakhala pamchenga nthaŵi yaitali tikuyang'ana. Mwa kamangidwe, nsanjayi ilibe zokometsera zambiri. Chilichonse chimene chili pa iyo chili ndi ntchito yake. Kutalika kwake ndi chifukwa chakuti dziko lapansi ndi lozungulira. Munthu woima pagombe amaona madzi kulekezera makilomita ngati 5 okha, ndipo kupitirira apo nyanja imapindikira pansi. Koma woima pa msinkhu wa mamita 28 amaona makilomita pafupifupi 19, kuposa mtunda wochokera ku Blantyre kufika ku Chileka, ndipo woyendetsa chombo, amenenso waima pamalo okwera, amaona nyaliyo ali kutali kuposa pamenepo. Mizere yofiira ndi yoyera ndi ya masana, kuti nsanjayo izindikirike pakati pa nyumba zina ngakhale nyali isanayatsidwe.

Nyali yeniyeni ya m'nsanja zotere sikhala yaikulu monga momwe ambiri amaganizira. M'masiku akale inali nyali ya mafuta ndi chingwe, mbale wake wa nyali ya galasi imene tinkaŵerengera tili ana. Kuŵala kwa nyali wamba kumamwazikira mbali zonse, kwina kudenga, kwina pansi, ndipo kochepa kokha ndiko kumafika kumene kukufunika. Mfalansa wina, Augustin Fresnel, anapeza njira yozinga nyali ndi magalasi odulidwa m'mizere yozungulira, amene amasonkhanitsa kuŵala konse komwazikako ndi kukuponya mbali imodzi monga muvi. Magalasi ake oyamba anawaika pa nsanja ya Cordouan ku France mu 1823, ndipo m'kupita kwa zaka anafalikira pa magombe a dziko lonse. Magalasiwo akamazungulira, munthu wa kutali amaona ngati nyali ikuthwanima, ndipo pamenepa ndi pamene pagona nzeru yaikulu. Nsanja iliyonse ili ndi kathwanimidwe kakekake: ina kamodzi pa masekondi akutiakuti, ina katatu kenako mdima, ina kuŵala kofiira. Zonsezi zinalembedwa m'mabuku ndi pa mapu a amalinyero. Woyendetsa chombo akaona kuŵala usiku amatenga wotchi, naŵerenga masekondi, ndipo amadziŵa dzina la nsanjayo ndi malo amene iye ali.

Pafupi nafe panali nkhalamba ina imene inkasoka ukonde itatsamira bwato lake. Titapatsana moni tinafunsa kuti, "Agogo, kodi nsanjayi imakuthandizani inunso a mabwato, kapena ndi ya zombo zazikulu zokha?" Iwo anayankha kuti, "Baba, tikachedwa kunyanja mtunda wonse umafanana. Magetsi a m'tauni ndi ambiri, koma ena amayaka lero, maŵa azima, ena asamuka. Iyi yokha timaidziŵa kaŵalidwe kake kuyambira tili anyamata." Mwana wa mlongo wathu anaseka nati, "Amalume, zimenezi ndi zachikale. Masiku ano zombo zimayendera makina olandira mauthenga kuchokera ku masetilaiti, ngakhale foni yangayi ingandiuze pamene ndili." Agogo aja sanakweze maso pa ukonde wawo. Anangoti, "Mwana wanga, foni ikanyowa kapena batire ikatha, udzafunsa yani pakati pa madzi?" Mnyamatayo ananena zoona, pakuti zombo za lero zimadalira makina amenewo. Koma nawonso agogowo ananena zoona, ndipo nchifukwa chake maiko ambiri sanazimitse nyali zawo za m'magombe.

Dziko la Scotland, kumene kunachokera amishoni athu, lili ndi mbiri yaitali ya ntchito imeneyi. Kunja kwa mudzi wa Arbroath, makilomita 18 kuchokera ku gombe, kuli thanthwe lotchedwa Bell Rock limene limamira madzi akadzaza, ndipo linaswa zombo zambiri. Robert Stevenson ndi amisiri ake anamangapo nsanja kuyambira mu 1807, akugwira ntchito maola oŵerengeka okha pamene thanthwelo laonekera, ndipo nyali yake inayatsidwa pa 1 Febuluwale 1811. Nsanjayo ikadaima mpaka lero. Alonda a nyali zotere ankakhala atatuatatu, akulandizana usiku wonse. Ntchito yawo inali kudula chingwe cha nyali, kuthira mafuta, kupukusa makina ozunguza magalasi, ndiponso kupukuta mwaye ndi mchere pa galasi lililonse kukacha. Mlonda wopezeka akugona pa nthaŵi yake ya ulonda ankachotsedwa ntchito. Alonda otsiriza a ku Scotland anachoka m'nsanja zawo mu 1998, pamene makina analoŵa m'malo mwawo. Pa zaka zonsezo panalibe mlonda amene anadziŵa chiŵerengero cha zombo zimene anapulumutsa, pakuti chombo chimene chadutsa bwino sichibwerera kudzathokoza. Zimene zimaŵerengedwa ndi zosweka zokha.

Chimene chinatikhala mumtima pa zonsezi ndi ichi, chakuti nyali yosintha kaŵalidwe kake ndi yoopsa kuposa mdima. Mumdima woyendetsa chombo amachenjera, amachepetsa liŵiro, amayesa kuya kwa madzi, monga anachitira amalinyero a chombo cha ku Alesandriya chimene chinanyamula Paulo, pa usiku wa 14 wa namondwe, m'mutu 27 wa Machitidwe a Atumwi. Koma akaona nyali imene ikuthwanima mosiyana ndi zolembedwa, amaganiza kuti ali pamalo ena, ndipo amalunjika pa mchenga ali ndi mtima wokhazikika. Mphamvu yonse ya nsanja yagona pa kukhala chimodzimodzi usiku uliwonse, pa nyengo yabata ndi pa namondwe, kaya kukubwera chombo kaya kulibe.

Abale ndi alongo a mu mpingo, mau ameneŵa tikulembera makolo anzathu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, pakuti ana athu ali pa ulendo. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi, ndipo palibe mlaga ngakhale umodzi umene ulibe mnyamata ku Johannesburg, ku Cape Town kapena pa msewu wa ku Beira, ndi mtsikana ku sukulu yogonera komweko kapena pa ntchito ku Lilongwe. Kumene akupitako nyali ndi zambiri. Kuli nyumba za njuga zimene zimaŵala usiku wonse, kuli aneneri olonjeza chuma chozizwitsa, kuli anthu a pa foni olonjeza ntchito za kunja. Mu 2024 tinamva za amayi ndi atsikana Achimalaŵi oposa 50 amene anapulumutsidwa ku dziko la Oman, kumene anakopedwa ndi malonjezo otere nakagwa mu ukapolo wa m'nyumba za anthu. Mu 2008 ndi mu 2015 tinaona mabasi akubwera ndi abale athu othaŵa chiwawa ku South Africa. Sitingathe kutsata mwana aliyense kumene wapita, monganso nsanja sichoka pamalo pake kukalondola chombo. Chimene tingathe ndi kukhala anthu amene mwana akawakumbukira ali kutali, adziŵe mosakayika chimene iwo akananena.

Apa ndipo pamene ambiri a ife timasokeretsa ana athu ndi kaŵalidwe kosinthasintha. Bambo amadzudzula moŵa pa Sabata, Lachisanu natuma mwana yemweyo kukagula kachasu. Mayi amavala yunifomu ya Mvano nakaphunzitsa za choonadi, koma wangongole akagogoda amauza mwana kuti akanene kuti amayi kulibe. Mkulu wa mpingo amalalikira motsutsa katangale, koma mwana wake akatumiza ndalama zochuluka zosalingana ndi ntchito yake, safunsa kumene zachokera, amangogula malata. Mphunzitsi amalanga mwana woonera mnzake m'kalasi, koma mayeso a Sitandade 8 akayandikira amayamba kunong'ona mayankho kuti sukulu itchuke. Ana amaona zonsezi ndipo amaŵerenga masekondi kuposa mmene ife timaganizira. Tsiku limene mnzawo adzawaitanira ku ntchito ya mdima ku Hillbrow, iwo adzafuna mumtima mwawo mau a kunyumba, ndipo adzapeza mau aŵiri otsutsana. Pamenepo adzasankha amene akuwakomera.

Kusasintha kumeneku sikutanthauza nkhanza. Nyali ya pagombe imachenjeza za mchenga, komanso nyali yomweyo imaonetsa khomo la doko kwa chombo chobwerera, chodzaza kapena chopanda kanthu, chathunthu kapena chothyoka. Makolo athu ankadandaula za matchona, amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare osabweranso. Ambiri a iwo sanaiŵale kwawo. Anachita manyazi kubwera chimanjamanja. Matchona atsopano tikuwapanga ife tomwe, pamene timalandira ndi nthungululu mwana wobwera ndi galimoto, koma wobwera ndi kachikwama kamodzi timamufunsa pakhomo pomwe chimene wabweretsa. Mwana amene akudziŵa kuti chikondi cha kwawo chimakwera ndi kutsika pamodzi ndi ndalama zimene akutumiza, zinthu zikamuvuta adzazimitsa foni nasoŵa. Adziŵe asananyamuke kuti tchimo tidzalitcha tchimo monga kale, ndiponso kuti mphasa yake ndi mbale yake zidzakhalapo monga kale.

Ntchito yake ndi yaing'ono ndi yobwerezabwereza, yofanana ndi kupukuta galasi. Banja likhale ndi ola lodziŵika la mapemphero a madzulo, ndipo lisalisinthe chifukwa cha mpira wa pa wailesi yakanema kapena kuzima kwa magetsi, kuti mwana amene ali ku Durban akayang'ana wotchi adziŵe kuti pa nthaŵi imeneyo dzina lake likutchulidwa ku Ndirande. Mlaga uliwonse ukhale ndi kaundula wa ana ake amene ali kutali, ndipo akulu a mpingo aziwaimbira foni pa tsiku lodziŵika, popanda kupempha kanthu. Wachinyamata aliyense wosamuka apatsidwe kalata yake ya mpingo asanakwere basi, ndipo Seshoni ifufuze ngati anakaipereka. Mpingo wathu uli ndi Sinodi ku Harare kuyambira mu 1965 ndiponso ku Zambia kuyambira mu 1984, ndipo Sinodi ya ku Harare inakula ndi anthu a paulendo otere, amene anatenga makalata awo nakafuna anzawo kuchilendo.

Kwa inu achinyamata tili ndi mau ochepa. Woyendetsa chombo amaphunzira kaŵalidwe ka nyali za pa njira yake akadali pa doko, chifukwa pakati pa namondwe mulibe nthaŵi yotsegula buku. Zimene mukuphunzira ku Sande Sukulu, ku kalasi ndi pa mphasa ya makolo anu zingaoneke zosafunika lero, monga momwe nsanja imaonekera masana dzuŵa likuŵala. Zisungeni. Ndipo munthu akakuonetsani kuŵala kwachilendo, ntchito ya malipiro aakulu yosafuna maphunziro, ulendo waulere umene pasipoti yanu adzasunga ndi wina, musafulumire. Funsani abusa, funsani akulu, funsani amene anapitako nabwerera. Safunsa anadya phula.

Patangopita miyezi 7 chichokere ife ku Beira, usiku wa pa 14 Malichi 2019, namondwe wa Idai anagwera mzinda umenewo. Anasasula madenga a nyumba, masukulu ndi matchalitchi, ndipo anthu oposa 600 anafa ku Mozambique kokha, kuwonjezera pa amene anafa ku Zimbabwe ndi kuno kwathu. Kwa masiku angapo mafoni a ku Beira sankagwira, ndipo ife tinkangosonkhana madzulo alionse pa ola lathu la mapemphero osadziŵa ngati mwana wa mlongo wathu ndi banja lake ali moyo. Pamene mau ake anamveka, anatiuza kuti denga linapita koma onse atatu ali bwino, ndiponso kuti nsanja ya ku Macuti ikadaima. Kenako anati, "Amalume, usiku uja tili pansi pa tebulo ndinayang'ana nthaŵi, ndipo ndinauza mayi a mwana kuti kwathu tsopano akupemphera."

Kholo lililonse limene likuŵerenga mau ano lidzifunse ngati mwana wake angathe kunena chimodzimodzi, ndipo ngati sangathe, liyambe madzulo ano kusankha ola lake.